Chamba cha bwana ndi mankhwala, cha mlimi ndi mlandu

M'dziko muno muli chamba cha mitundu iwiri. Kusiyana kwake sikuli pa masamba kapena pa fungo ayi, kuli pa thumba la mwini munda. China chimalimidwa mkati mwa mpanda wa waya, mlonda ali pageti, chiphaso cha boma chili pakhoma, ndipo nduna zimapita kukachiyendera zikumwetulira pamaso pa atolankhani. Chinacho chimalimidwa kuseri kwa phiri, pakati pa chimanga, ndipo mlendo wa boma amene amachiyendera ndi wapolisi wonyamula unyolo. Choyambacho akuti ndi mbeu ya mtsogolo. Chachiwiricho akuti ndi Indian hemp, mlandu wa kwa majisitireti.

Nkhani imeneyi tiikambe poyera, pakuti tinavotera nyali pa 14 Juni 1993 kuti zinthu tizikamba poyera. Ndipo tiikambire kuzambwe ndi kumpoto kwa Lilongwe, kwa alimi a ku Namitete, ku Mpingu, ku Nsaru, kwa Kabudula mpaka ku Nambuma. Anthu amenewa ndiwo akhala akuuzidwa kuti fodya akutha, ayang'ane ku chamba. Komanso mwa Amalawi onse, iwowa ndi amene akudziwa bwino zedi mmene boma limasankhira mbeu ya olemera ndi mbeu ya osauka, chifukwa zinawachitikirapo kale.

Tiyambe ndi mbeu yachilendo imene ikutamidwayo. Amene muli ndi foni ya intaneti mwaziona zithunzi zake: chamba chakuda mofiirira, cha mtundu wa chibakuwa, chonga mabulosi akupsa, chonyezimira ngati achiwaza shuga. Maina ake ndi achizungu okhaokha: Granddaddy Purple, Purple Kush ndi ena otero. Anyamata a m'tauni amachisirira ngati galimoto yatsopano, ndipo akathyali ena amachitama kuti imeneyi ndiye mbeu ya ndalama. Zoona zake nzakuti mtundu wapepowo si chizindikiro cha mphamvu, si chizindikironso cha mankhwala. Ndi utoto wachilengedwe wotchedwa anthocyanin, womwewo umene uli m'mabulosi ndi pa khungu la mabilingano, ndipo umaonekera kwambiri usiku ukamazizira. Makolo a mitundu yambiri yotere anachokera ku mapiri a Hindu Kush, cha ku Afghanistan ndi Pakistan, ndipo azungu a ku California ndi ku Amsterdam ndiwo anaisakaniza naipatsa maina amalonda. Granddaddy Purple anatulukira ku California mu 2003. Ndi chamba chachifupi, cha masamba otambalala, chokhwima msanga, choyenerera maiko amene dzuwa la m'chilimwe limachedwa kulowa mpaka anthu kudya chakudya chamadzulo kukuwalabe.

Kwathu kuno usana sutalika chotero. Chaka chonse umangosewera pakati pa maola 11 ndi 13. Tsono mbeu yachilendoyo ikafika pa dothi la ku Mpingu imayesa kuti nyengo yatha, nithamangira kuchita maluwa ikadali ya m'maondo. Kuti ikule bwino, mwini wake ayenera kuimangira nyumba ya pulasitiki ndi kumaiyatsira magetsi. Magetsi, kwa Kabudula! M'dziko limene ngakhale a ku Area 47 amadziwa mtengo wa kandulo! Onjezanipo kuti mbeuyo ndi yogula kunja ndi madola, ndiponso yambiri anaikonza dala kuti izibala zazikazi zokhazokha, kotero mlimi sangasunge yake ya chaka chamawa monga amachitira ndi mtedza wa chalimbana. Imeneyi si mbeu ya munthu wa khasu. Ndi mbeu ya munthu wodziwana ndi manijala wa banki.

Chonsecho ife tili ndi chathu. Dziko lonse lapansi limachidziwa ndi dzina loti Malawi Gold. Ndi chachitali kuposa munthu, cha masamba owonda, chochedwa kukhwima, ndipo sichifuna getsi la munthu chifukwa chinabadwira pansi pa dzuwa lomweli. Chimalimidwa kwambiri ku Nkhotakota, ku Mzimba, ku Nkhata Bay ndi mbali zina za Kasungu, ndipo alimi ake kwa mibadwomibadwo akhala akusankha okha mbeu, kuisunga, ndi kukulunga zokolola m'makungwa a nthochi kapena m'makoko a chimanga. Ntchito yonseyo, imene kwina amalipira nayo maprofesa, kuno anaigwira anthu osapita kusukulu, uku akuthawa apolisi. Inu amene munakhalapo ku Lusaka, ku Harare, ku Dar es Salaam kapena ku London m'zaka zija zamdima mungachitire umboni: munthu wachilendo ukamuuza kuti ndiwe Mmalawi, zimene ankadziwa za dziko lako zinali Kamuzu, nyanja ndi chamba. Timachita nazo manyazi, koma ndi mmene zinalili.

Pamene ife tikuchita manyazi, anzathu akuchita malonda. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 2000, Arjan Roskam wa kampani ya Green House Seed Company ya ku Amsterdam anabwera kuno ndi anzake, nayenda m'minda ya alimi athu kufunafuna mbeu, najambula filimu ya Strain Hunters imene aliyense angaione pa YouTube. Kampani ya ACE Seeds ya ku Spain imagulitsa mbeu yotchedwa Malawi, komanso ina yosakaniza yotchedwa Purple Haze x Malawi. Mwamva? Ngakhale mwa chamba chapepo chogulitsidwa ku Ulaya muli china cha magazi a ku Malawi. Dzina la dziko lathu lili pa paketi, mtengo wake uli m'mayuro. Atiuze amene akudziwa: ndi mudzi uti ku Nkhotakota umene unalandirapo mjigo kuchokera pa malonda amenewa? Mbeu ikakhala m'manja mwa mzungu ku Amsterdam ndi chuma cha chilengedwe. Mbeu yomweyo ikapezeka m'thumba la mwini wake pa rodibuloko ndi umboni wa kukhoti.

Ku Lilongwe kuzambwe, akuluakulu akamva zimenezi sangadabwe, chifukwa sewero ili analionera kale, kungoti nthawi imeneyo mbeu yake inali fodya. Cha m'ma 1920 mzungu A.F. Barron ndi mnzake Wallace anatsegula esiteti ya Mbabzi nayamba kugawa mbeu ya fodya wa chikopa kwa anthu a m'midzi kuti azilima ndi kuwagulitsa iwo. Anthu ataona kuti muli ndalama analowa ambirimbiri, ndipo atsamunda sanachedwe: mu 1926 anakhazikitsa Native Tobacco Board yoti izilembera alimi achikuda, kuwauza kuchuluka kwa fodya wolima ndi malo ogulitsira. Ufulu utabwera tinayesa kuti zitha. M'malo mwake lamulo la Special Crops Act linagwiritsidwa ntchito kugawa fodya pawiri. Fodya wa bale ndi wa fuluu, amene anali ndi mtengo ku okishoni, anali wa eni maesiteti okha. Munthu wa pa malo a makolo ankalima makamaka chikopa, fodya wothyola msana, wodya nkhuni ndi utsi usiku wonse, ndipo pomugulitsa panali pamodzi pokha, pa sikelo ya ADMARC, imene inayamba mu 1971. ADMARC inkagula motchipa, nikagulitsa modula, ndipo phindu lake linkakanenepetsa Press ndi maesiteti a nduna ndi akuluakulu a chipani.

Tsono taonani chimene chinkachitika. Mwana wa ku Nsaru ankaletsedwa kulima bale pa munda wa amayi ake, koma ankaloledwa kukalima bale yemweyo ngati tenanti pa esiteti ya bwana ku Kasungu kapena ku Mchinji, kudya chimanga cha ngongole, nabwerera kumudzi ndi bulangete limodzi. Tikafunsa chifukwa, yankho linali loti anthu akumudzi sangathe kusamala fodya wapamwamba, awononga mbiri ya dziko pa msika. Manja omwewo amene ankasoka fodya wa bwana akuti sakanatha kusoka wawo! Mu 1990, a World Bank atakanikiza, alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima bale, ndipo pasanathe zaka khumi makalabu a m'midzi ndiwo ankadzaza okishoni ya ku Kanengo. Bodza la zaka makumi awiri linafera pomwepo. Malata amene mukuwaona lero pa nyumba za ku Namitete ndi kwa Kalolo, ngolo ndi njinga, zambiri zinabwera chitseko chimenecho chitatsekulidwa.

Lero chitseko chomwecho achimanganso, kungosintha loko.

Mbiri yake ndi iyi. Mu 2015 phungu wa kumpoto kwa Ntchisi, a Boniface Kadzamira, anaimirira m'Nyumba ya Malamulo kupempha kuti dziko lino lilole ulimi wa chamba cha m'mafakitale. Anzawo anawaseka ngati aledzera. Chaka chomwecho kampani ya Invegrow inayamba kuyesa mbeu zakunja za chamba chimenechi pa Chitedze, malo a kafukufuku a boma amene ali pa msewu wa ku Mchinji, pakhomo penipeni pa anthu a ku Mpingu. Mu Febuluwale 2020 aphungu anavomereza lamulo la Cannabis Regulation Act, lololeza chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, chimene mphamvu yake yoledzeretsa, yotchedwa THC, sipitirira gawo limodzi pa 100. Kusuta kunakhalabe mlandu pansi pa Dangerous Drugs Act. Panakhazikitsidwa bungwe la Cannabis Regulatory Authority, ndipo a Kadzamira omwe anasekedwa aja anakhala wapampando wake. Mpaka apa tinaomba m'manja. Mu Epulo 2021 a Lazarus Chakwera, ali Pulezidenti, anauza alimi poyera kuti tsogolo la fodya ndi lokayikitsa, aganizire mbeu zina monga chamba. Apanso sananame, pakuti mu 2023 Malawi yemwe anasaina pangano la World Health Organization lochepetsa kusuta fodya.

Koma tamvani mitengo imene inalengezedwa mu 2020. Chiphaso cholimira ndi kugulitsa chamba cha mankhwala: madola 10,000. Cha m'mafakitale: madola 2,000. Madola, abale anga, osati makwacha, ngati kuti pa msika wa Nsaru amasinthitsa madola. Chaka chimenecho fodya ku okishoni ankagulidwa pafupifupi dola imodzi ndi theka pa kilo. Werengani nokha: kuti munthu apeze madola 10,000 anafunika kugulitsa mabelo oposa 60 a makilo 100, osachotsapo ya feteleza, ya thiransipoti, ya ziguduli, ya aganyu, kapena ya ana kusukulu. Ndi mlimi uti wa ku Nambuma amene anaonapo mabelo 60 pa chigafa chake? Ndipo chimenecho ndi chipepala chokha. Mpanda, alonda, nyumba ya pulasitiki, mbeu yakunja ndi magetsi zisanalowe. Kenaka kwacha inagwetsedwa mu Meyi 2022, nigwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero mtengo uliwonse wolembedwa m'madola unathawiratu kumwamba ngati kabawi. Kodi pamenepa pakufunikanso lamulo lonena kuti osauka asalime? Special Crops Act inkanena ndi pakamwa. Iyi ikunena ndi risiti.

Adzatiyankha kuti alimi alowe m'makoparetivi, asonkherane. Ena anamvera. Anagulitsa mbuzi, ena anakongola ku banki m'khonde, nalipira ndalama zolembetsera, za maphunziro ndi za mbeu kwa anthu ovala masuti amene analonjeza kuti msika ulipo kale kutsidya kwa nyanja. Pofika mu 2022 nyuzipepala zinali zitadzaza ndi madandaulo a alimi amene anakolola koma wogula osaoneka. Chamba si chimanga choti ukasowa msika uphika nsima. Sungachigulitsenso kwa venda, chifukwa ukatero wapalamula. Munthu anangokhala ndi matumba m'nyumba ndi ngongole pakhomo. Ogula enieni a ku Ulaya amafuna chamba cha mankhwala choyezedwa m'malabu, cholimidwa ndi kuumitsidwa motsata malamulo awo okhwima, ndipo zimenezi akuluakulu a boma ankazidziwa kapena anayenera kuzidziwa asanatume anthu kumunda. Makolo anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Alimi anagulitsa wa pamphuno kuti agule wa mphepo, boma likuyang'ana.

Ndipo boma linali kuchitanji nthawi imeneyo? Linali kulemba kalata kwa Mike Tyson. Inde, mu Novembala 2021 nduna ya za malimidwe ya nthawiyo, a Lobin Lowe, inapempha katswiri wankhonya wa ku America ameneyu kuti akhale kazembe wa chamba cha Malawi. Munthu woti ali ndi kampani yakeyake ya chamba kwawo, woti anakhalapo m'ndende pa mlandu wogwirira mkazi, ndiye tinamuona woyenera kunyamula dzina lathu. Mlimi amene anasunga mbeuyo zaka zonsezi sanalandire kalata. Iye amalandira samani.

Pa za samanizi, chaka cha 2022 chinatiphunzitsa zonse. Mnyamata wina wa ku Blantyre, wosafika zaka 20, anagamulidwa kukakhala kundende zaka 8 chifukwa chopezeka ndi matumba a chamba. M'nyengo yomweyo bwana wachizungu wa kampani ina yaikulu, atapezeka kuti ankalima chamba pakhomo pake, analipitsidwa K1 miliyoni nabwerera kunyumba kukagona pa matiresi. Anthu anakwiya mpaka kuchita zionetsero. Akadaulo a malamulo adzati milanduyi inali yosiyana, kuchuluka kwa chamba kunali kosiyana, ndipo ndi zoona. Koma munthu wamba anaona zimene anaona. Pitani ku Maula mukafunse amene akuseweza chifukwa cha chamba, muwerenge kuti ndi angati amene ali ndi galimoto. Eni malole amene amachitumiza ku Johannesburg simudzawapeza. Mudzapeza wonyamula, wolima ndi wogulitsa timipukutu pa depoti.

Tsopano ndimve mau a abusa, ansembe, mashehe ndi makolo, chifukwa nkhawa yawo si yopusa. Akuti chamba chikupengetsa ana athu. Ndikuvomera. Palibe mudzi kapena lokeshoni yopanda mnyamata amene anali wanzeru m'kalasi koma lero akuyenda akuyankhula yekha, ndipo madokotala amachenjeza kuti chamba champhamvu chimaononga kwambiri ubongo wa munthu amene akukula. Sindikulemba kuti ana azisuta, ndipo wogulitsa kwa mwana wasukulu amangidwe ndithu. Koma tiyankhane moona. Lamulo loletsa lakhalapo kuyambira nthawi ya atsamunda, linalipo nthawi ya Ngwazi pamene ngakhale tsitsi lalitali linali mlandu, ndipo lilipo lero. Kodi pali tauni imodzi m'Malawi muno imene mnyamata amalephera kupeza chamba? Ndi chosavuta kupeza kuposa shuga. Chiletso sichinateteze mwana. Chimene chachita ndi kutsitsa mtengo wa kumunda, pakuti mlimi wobisala satsutsa mtengo, ndi kukweza mtengo wa pa rodibuloko. Komanso mtsutso woti chamba chilimidwe kapena ayi unatha mu 2020. Chikulimidwa, ndi chilolezo cha boma, pafupi ndi likulu la dziko. Funso latsala ndi lakuti alime ndani. Mbusa amene akhala chete pamene kampani ikulima, nakalipa pamene mkristu wake wosauka afunsa gawo, aganize bwino kuti akuteteza ana kapena akuteteza mpanda.

Mu Malichi 2024 aphungu anabwereranso ku nkhaniyi, a Peter Dimba a kumwera kwa Lilongwe akutsogolera, ndipo Nyumba inavomereza kuti chamba chathu chenicheni nacho chizilimidwa ndi chiphaso, kusuta kukhalebe koletsedwa. Anatchula ndalama zankhaninkhani zakunja zimene akuti tidzapeza. Chabwino, mochedwa ngakhale, azindikira kuti golide anali pakhomo. Koma apa mpamene mlimi ayenera kutsegula maso kwambiri. Ngati njira yopezera chiphaso ikhala yomwe ija, ya madola, mpanda ndi loya, ndiye kuti tatenga mbeu imene osauka anaisunga ndi ufulu wawo, ena ndi moyo wawo, taipereka m'mbale kwa eni ndalama. Mwini mbeu adzalembedwa ganyu pa mbeu yake. Utenanti udzabwerera utavala chipewa china. Ndipo pa nkhani iyi pasapezeke chipani choloza chinzake chala. Lamulo linadutsa a Peter Mutharika akulamula, mitengo ndi za Tyson zinachitika a Chakwera akulamula, ndipo chisankho cha Seputembala 2025 chinabwezeranso a Mutharika pampando. Onse agwirapo mpeni umenewu.

Kuti zingatheke mwanjira ina si maloto ayi. Taonani Morocco. Dziko limenelo linavomereza chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale mu 2021, koma linanena kuti chizilimidwa m'zigawo za ku mapiri a Rif zokha, kumene alimi osauka akhala akuchilima mobisa kuyambira kale, ndipo alimiwo azilowa kudzera m'makoparetivi awo. Linalolanso mbeu yawo yamakolo yotchedwa Beldia, imene imapirira chilala kuposa yakunja. Ndipo mu Ogasiti 2024 Mfumu Mohammed VI inakhululukira anthu oposa 4,800 amene anali ndi milandu yolima chamba, kuti atuluke poyera nalowe mu ulimi wovomerezeka. Imeneyo ndi mfumu, si pulezidenti wochita kusankhidwa ngati kwathu. Ku South Africa, mu 2019, makampani a tiyi wa rooibos anasaina kuti azipereka 1.5 peresenti ya mtengo wa kumunda kwa anthu a mitundu ya Khoi ndi San, chifukwa nzeru ya chomeracho inachokera kwa makolo awo, ndipo mu 2021 dzina loti rooibos linatetezedwa ku Ulaya kuti wina asamaligwiritse ntchito pa tiyi wolimidwa kwina. Nanga ife dzina loti Malawi Gold tikudikira kuti alembetse ndani?

Pali chinthu chinanso chimene andale sakuchikamba chifukwa sichibweretsa mavoti, koma chikatayika sichidzabwerera. Chamba chili ndi chachimuna ndi chachikazi, ndipo mungu wake umayenda ndi mphepo mtunda wautali, kuposa wa chimanga. Alimi a kuno akudziwa chimene chinachitikira chimanga chamakolo pamene hayibulidi anadzalidwa munda ndi munda: lero kupeza chamakolo chenicheni, cholimba, chosafumbwa msanga, ndi ntchito. Chimodzimodzi mbeu zakunja za chamba, zapepo ndi za m'mafakitale zomwe, zikafalikira mosasamala kufupi ndi kumene kuli chathu, m'zaka zochepa Malawi Gold adzatsala dzina. Tsiku limenelo tidzapita ku Spain kukagula mbeu yathu yomwe, ndi madola obwereka. Pa Chitedze pomwepo pali nkhokwe ya dziko yosungira mbeu zamakolo, mmene muli mapira, mawere, nzama ndi zina. Asayansi athu apatsidwe ndalama ndi chilolezo choti ayende ku Nkhotakota ndi ku Mzimba, atolere mitundu yonse ya chamba chathu, ailembe ndi maina a madera ake, aisunge. Koma adzaitolera bwanji kwa munthu amene akaona galimoto ya boma amathawira kuphiri? Nchifukwa chake kukhululukira alimi ang'onoang'ono si chifundo chabe. Popanda icho palibe adzatulutse mbeu.

Chiphaso cha mlimi wamng'ono chikhale m'makwacha, pa mtengo wofanana ndi wolembetsera fodya, ndipo chiperekedwe kudzera m'makalabu amene alipo kale. Anthu a ku Lilongwe kuzambwe akhala m'makalabu kuyambira nthawi ya Lilongwe Land Development Programme imene inayamba mu 1968. Amadziwa kusunga kaundula, kubweza ngongole pagulu, kusankha masamba ndi kudinda mabelo. Palibe chimene kampani ingawaphunzitse pa kusamala tsamba. Ndipo wina asatolerenso tambala ya mlimi asanaonetse wogula ndi mtengo wolembedwa, wosainidwa, boma likuchitira umboni. Kufikira zimenezo zitachitika, achimwene a ku Nsaru ndi kwa Kabudula, musazule soya kapena mtedza wanu chifukwa cha chithunzi chapepo cha pa foni, ndipo musadzale kanthu popanda chiphaso, pakuti wapolisi sadzamva zoti munawerenga m'nyuzipepala.

Kwa aphungu a madera amenewa, amene mumadutsa pa Chitedze ndi magalasi otseka popita ku Nyumba ya Malamulo, ntchito yanu yoyamba ndi yosavuta ndipo siifuna bajeti. Mu 2021 bungwe loona za chamba linapereka ziphaso zoyamba kwa makampani ndi makoparetivi. Imirirani mufunse nduna kuti iwerenge maina onse a amene ali ndi ziphaso kuyambira nthawi imeneyo, pamodzi ndi eni ake enieni a makampaniwo, osati maina a pa chikwangwani. Iuzenso Nyumba kuti ndi ndalama zingati zakunja zimene zalowa, ndi alimi angati amene analipira osagulitsa kanthu, ndi anthu angati amene ali m'ndende lero chifukwa cholima kamunda kosafika ekala. Mndandandawo usindikizidwe m'nyuzipepala m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, upachikidwenso pa ofesi ya zaulimi ku Nsaru, kuti anthu adziwerengere okha kuti mwa eni ziphasowo ndi angati amene ali aphungu anzanu, nduna, kapena alamu awo.